Akati "Mulungu wandionetsa kuti ndiwe mkazi wanga": timuthandize bwanji mtsikana asanavomere?

Nangozo, Ulónguè

Makolo anga mwa Ambuye, abusa, akulu a mpingo ndi amayi alangizi, ndabwera kudzapempha nzeru. Pa misonkhano ya achinyamata kuno ku Angónia pali funso limene likungobwerabwera, ndipo mayankho amene atsogolerife tikupereka akuperewera.

Nkhani yake imayenda chonchi. Mnyamata wogwira ntchito kutali, kaya ku migodi ya malasha ku Moatize, kaya mumzinda wa Tete, kaya wa geni yodutsa pa Calómuè kupita ku Dedza, amaona mtsikana wa m'kwaya pa msonkhano wa chitsitsimutso. Mwezi usanathe amamuuza kuti anasala kudya masiku 3 ndipo Mulungu anamuonetsa kutulo kuti mkazi wake ndi iyeyo. Ena amabweretsanso mawu a mneneri wa kumene amapemphera. Kenaka ndalama zimayamba kugwa pafoni, pa M-Pesa kapena pa e-Mola, kukubwera foni yatsopano ndi zitenje, ndipo akuti ukwati uchitike mvula isanayambe. Mtsikana akuopa kukana, poganiza kuti akukana Mulungu. Akuopanso kuvomera, chifukwa kwawo kwa mnyamatayo sanapondeko phazi, ndipo palibe wachibale wake amene akumudziwa munthuyo.

Kungomuuza kuti "pemphera" sikukumufikitsa patali, pakuti akupemphera kale usana ndi usiku. Ndikupempha ndondomeko yogwirika: ayambire pati, afunse yani, adikire nthawi yaitali bwanji, ndipo ndi zinthu ziti zimene akaziona aimire pomwepo? Nanga mnyamatayo akakhala wa mpingo wina?

Phiri, mkulu wa mpingo, Dómuè

A Nangozo, mwachita bwino kuifunsa poyera nkhaniyi, chifukwa ambiri amangoinong'ona. Ndiyambe ndi malotowo, popeza ndiwo amene amumanga manja mwanayo.

Malemba satilola kunyoza uneneri, komanso satilola kumeza osatafuna. Pa 1 Atesalonika 5:20-21 zonse ziwiri zili pamodzi: tisapeputse mauneneri, koma tiyese zonse ndi kugwiritsitsa chabwino. Pa 1 Yohane 4:1 tikulamulidwa kuyesa mizimu. Pa Yeremiya 23:25-28 Mulungu mwini akudzudzula aneneri amene ankangoti ndalota, ndalota, ndipo akufanizira maloto awo ndi mankhusu, mawu ake ndi tirigu. Choncho mtsikana wonena kuti "ndiyambe ndafufuza" akuchita chimene Mulungu analamula. Mumuuze zimenezi momveka kuti mantha amuchoke.

Mumuuzenso kuti maloto amamanga mwini kulota. Ngati mnyamata walota, ntchito yagwera iye, apite akafunsire mwa dongosolo. Taonani Genesis 24. Mtumiki wa Abrahamu anapemphera pachitsime, ndipo chizindikiro chimene anapempha chinachitika ndendende: Rebeka anamumwetsa iye, namwetsanso ngamila zake. Koma sanamukweze pa ngamila pomwepo. Anafunsa kuti ndiwe mwana wa yani, anapita kunyumba, anakana kudya mpaka atafotokoza pamaso pa Labani ndi Betuele amene wamutuma ndi chimene wadzera. Atatha zonsezo anamuitana Rebeka namufunsa yekha ngati apite ndi munthuyo. Wina adzati, kodi mtumikiyo sanakane kudikira masiku 10? Anakanadi, koma banja la Isaki linali lodziwika kale m'nyumbamo, pakuti Abrahamu anali mbale wa Nahori, agogo ake a Rebeka. Mnyamata amene kwawo palibe akudziwako alibe mbali pa vesi limenelo.

Werenganinso Yoswa 9. Agibeoni anabwera ndi nsapato zakutha ndi mkate wouma wa nkhungu, nanena kuti achokera kutali. Vesi 14 likuti Aisraeli anayang'ana kamba wawoyo koma sanafunse kwa Yehova. Analumbira, ndipo patangopita masiku 3 anamva kuti anthuwo ndi oyandikana nawo, koma Yoswa anasungabe panganolo. Kufufuza kwa masiku 3 kukanawapulumutsa ku pangano la moyo wonse. Safunsa anadya phula.

Tsono zochita zake. Mtsikana afunse zinthu zitatu zosavuta: mumapemphera mpingo uti, pa tchalitchi chiti, ndipo mkulu wa mpingo wa dera lanu ndani? Akapeza mayankho awapereke kwa mkulu wa mpingo wake, ndipo mkuluyo ndiye aimbe foni. Nambala musaitenge kwa mnyamatayo. Ipezeni kudzera kwa abusa, pakuti azibusa amadziwana, ndipo wachinyengo amapereka nambala ya mnzake wa kuntchito atamuphunzitsa zoyankha. Mu mpingo wa Reformada, Sinodi ya Mphatso, ndi m'mipingo ina yambiri, Mkhristu akasamuka amatenga kalata yake. Ndiye funsani kuti kalata yake ili kuti, amadya mgonero kapena anaimikidwa, ndipo ngati anaimikidwa chinali chiyani. Munthu wokhala ku Moatize zaka 4 popanda mpingo umene ungamuchitire umboni, koma maloto akulota, pamenepo pali funso kale.

Za mneneri. Pa 1 Akorinto 14:3 uneneri ndi womangirira, wolimbikitsa ndi wotonthoza. Akanena kuti ukakana mwamunayu sudzakwatiwanso, kapena udzadwala, kumeneko ndi kuopseza, ndipo mtsikana asabwererenso kwa iye. Funsaninso ngati mnyamatayo anaperekapo kanthu kwa mneneriyo mawuwo asanatuluke.

Muphunzitseni mwanayo yankho lalifupi loti azilibwereza osasintha: "Ndamva achimwene. Ngati ndi za Mulungu sizithawa. Kaonaneni ndi amalume anga."

Nabanda, mlangizi, Furancungo

Mwana wanga Nangozo, a Phiri ayala maziko a Malemba, ine ndikhudze za pakhomo.

Choyamba, chibwenzi chisakhale chachinsinsi kupitirira mwezi umodzi. Mtsikana auze mayi mmodzi wamkulu womukhulupirira, kaya mlangizi, kaya azakhali, kaya agogo, ndipo ameneyo ndiye akauze amalume, eni mbumba. Mnyamata akati "usauze aliyense kufikira ndikonzeke, adani angatilodze", dziwani kuti pali chimene akubisa, ndipo kawirikawiri chimakhala mkazi.

Amalume akamva, auze mnyamata kuti abwere ndi amalume ake. Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwa, chifukwa amalandira bambo aliyense wa imvi ndi jekete. Anthu amabwereka amalume. Mlendoyo afunsidwe mwaulemu: mfunda wanu ndani, mayi a mnyamatayu ndi alongo anu a bere limodzi kapena a kwa mayi aang'ono, mudzi wanu ndi wa mfumu yani, manda a kwanu ali kuti? Nkhoswe weniweni amayankha osaganiza. Wobwereka amatembenukira kwa mnyamata asanatsegule pakamwa.

Zikatero, anthu awiri a kuchikazi, bambo ndi mayi, apite kumudzi kwa mnyamatayo. Ndalama ya ulendo ichoke m'thumba la kuchikazi, chifukwa amene wakulipirira galimoto ndi amenenso amasankha nyumba zoti ulowe. Tsiku asalilengeze. Akafika ayambe kulonjera kwa mfumu kapena nyakwawa, bamboyo acheze ndi amuna, mayiyo atenge ndowa apite kumjigo. Pamjigo, pakati pa kupopa ndi kutsuka ndowa, ndi pamene mumamva mayi wina akuti, "Ameneyo? Si uja ana ake awiri ali kwa agogo awo kuseri kwa phiri?" Zofunika kumva ndi izi: ali ndi mkazi, ali ndi ana, ndipo ngati banja linatha linatha chifukwa chiyani, ankhoswe analithetsa kapena anangochoka. Kukhala ndi ana si mlandu wokanira munthu, koma kuwabisa ndi mlandu. Ngati amagwira ntchito ku Moatize kapena ku Tete, wina akaonenso nyumba imene amagona mu bairro, dera la m'tauni limene amakhala, chifukwa kumudzi angakhale mbeta koma kutauni ali ndi womuphikira.

Za ndalama ndinene mosapsatira. Chikole ndi kanthu kochepa koperekedwa anthu akudziwa, ngati chizindikiro cha kutomera. Ndalama zogwa pafoni usiku si chikole, ndi chingwe. Ankhoswe asanakumane mtsikana asalandire fizi ya sukulu, foni, kapena matumba a feteleza a makolo ake. Fetelezayo ndiye woopsa kwambiri, chifukwa akalowa m'munda mayi ake omwe amayamba kumukankha kuti avomere. Ngati zina zalowa kale, alembe m'kope tsiku ndi kuchuluka kwake, asafufute mauthenga a M-Pesa, ndipo asazidye. Asapereke BI yake, chiphaso cha unzika, kuti mnyamata akalembetsere nambala ya foni kapena akatengere ngongole. Miyambo 22:26-27 ikuchenjeza kuti woperekera wina chikole cha ngongole adzalandidwa ndi mphasa yomwe akugonapo.

Nthawi yodikira: kwa munthu wakutali, chaka chathunthu. Chifukwa chake ndi chakuti munthu amafunika kumuona m'nyengo ziwiri. Kuno ku Macanga ndi ku Angónia komwe, fodya, soya ndi mbatatesi zikagulitsidwa aliyense amakhala wofatsa ndi wopatsa, ndipo ndi nthawi imene kufunsira kumachuluka. Muoneninso mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka. Ali ndi ndalama amapita kuti, ku kachasu, kokabetcha, kapena amagula mbewu? Alibe ndalama amalankhula bwanji? Mayi ake ndi alongo ake amawayankha motani? Mtsikana amukanireko kanthu kakang'ono, monga kukumana tsiku la kwaya, aone nkhope yake. Mwamuna amene sangathe kumva "ayi" wamng'ono pa chibwenzi sadzamumva wamkulu m'banja.

Zoti akaziona aimire pomwepo: khofi ngakhale limodzi, kumulanda foni ndi kumuletsa anzake kapena kwaya, kunena kuti popeza Mulungu wavomereza kale tigonane, foni yozima Loweruka ndi Lamulungu lililonse, ndi kukana kukayezetsa magazi. Kuyezetsa apite onse awiri kuchipatala cha boma, alowe limodzi, amve zotsatira limodzi, ndipo abwerezenso pakatha miyezi 3, chifukwa kachilombo ka HIV kongolowa kumene sikaoneka msanga. Pepala lobwera nalo m'thumba musalikhulupirire. Wina akapezeka nako sindiye kuti ukwati watha: alipo mankhwala a ARV, aliponso oteteza amene alibe, ndipo mabanja otere akubereka ana opanda kachilombo. Koma asankhe akudziwa. Zotsatirazo ndi za awiriwo, si zolengeza kumpingo.

Chinkhoswe chisanachitike, asanasinthane tambala ndi thadzi, ankhoswe akambirane za kokhala. Chikamwini kapena chitengwa? Ngati ndi chitengwa, munda wa mkazi ukhala uti, ndipo mwamuna akamwalira iye ndi ana adzakhala pati? Ngati mwamuna ali kumigodi, mkazi apita naye kapena akasiyidwa kwa apongozi kumalima, mwamuna kumabwera kamodzi pa miyezi iwiri? Atsikana ambiri amadziwa yankho la funso limeneli atafika kale.

Ndisaiwale, anyamata nawonso amanamizidwa, ndipo alipo atsikana olota maloto omwewa. Ndondomekoyi ndi ya mbali zonse.

Mbewe, katekisiti, Lifidzi

A Nangozo, ndiyankhe funso lanu lomaliza, la mpingo wina, koma ndiyambe ndasiyana pang'ono ndi mayi Nabanda pa za chaka. Kwa mlendo ndikuvomereza. Koma achinyamata asachitenge ngati lamulo la aliyense. Awiri okulira mudzi umodzi, makolo akudziwana, miyezi 6 ikhoza kukwana, ndipo kuwachedwetsa zaka chifukwa chofuna phwando lalikulu ndi kuwaika m'mayesero amene Paulo akuwanena pa 1 Akorinto 7:9. Maukwati ambiri olowana amayamba chifukwa makolo akudikira ndalama ya ng'ombe ndi zokuzira mawu.

Vesi la goli, 2 Akorinto 6:14, likunena za wosakhulupirira. Mkatolika ndi wa Reformada onse ndi obatizidwa m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, ndipo tisaphunzitse ana kutchulana akunja. Komabe kusiyana mipingo kuli ndi mtengo wake, ndipo auwerengeretu monga womanga nsanja wa pa Luka 14:28. Akhale pansi ndi mlangizi ayankhe mafunso awa mmodzimmodzi: Lamulungu tizipita kuti, ana adzabatizidwa kuti ndipo ali akhanda kapena atakula, chopereka chizipita kuti, wina akamwalira adzaimba ndi mpingo uti? Mmodzi akakhala wa Sabata, funso la Loweruka limakhudza munda, msika ndi maphwando a pachibale sabata iliyonse. Yankho loti "tidzaona" ndi limene limadzabala ndewu mwana woyamba akabadwa.

Kwa ife Akatolika dongosolo ndi ili. Awiriwo amapita kwa wansembe wa parishi miyezi ingapo tsiku lisanakwane. Aliyense amabweretsa kalata ya ubatizo yatsopano, yochokera ku parishi kumene anabatizidwa, yosapitirira miyezi 6. Imafunika yatsopano chifukwa ukwati wa mu Mpingo umalembedwa m'buku la ubatizo pambali pa dzina la munthu, ndiye ngati anakwatirapo, kalatayo imaulula. Wansembe amafunsa aliyense payekha ngati akulowa mwaufulu, ndipo apa mtsikana wokakamizidwa ndi maloto kapena ndi feteleza anene zoona, chifukwa ukwati wolowa mokakamizidwa suima. Kenaka ukwati umalengezedwa m'tchalitchi, mwa chizolowezi Malamulungu 3. Kulengezako kuchitike kwawo kwa onse awiri ndi kumene mnyamata amagwira ntchito. Kulengeza kwa mkazi kokha kuli ngati kusaka mbuzi yotayika m'khola mwako.

Mkatolika akafuna kukwatirana ndi Mkhristu wa mpingo wina pamafunika chilolezo cha episkopi, kuno wa Dayosizi ya Tete, chopemphedwa kudzera kwa wansembe. Akakhala wosabatizidwa pamafunika chilolezo chapadera, ndipo popanda icho Mpingo suuwerenga ukwatiwo. Mkatolikayo amalonjeza kusunga chikhulupiriro chake ndi kuchita zonse zimene angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa mu Mpingo, ndipo mnzakeyo amauzidwa za lonjezolo. Asasaine akuganiza kuti ndi mwambo chabe.

Pali msampha wina, woti "adzatembenuka tikakwatirana". Pa 1 Akorinto 7:12-16 Paulo akulankhula kwa amene ali kale m'banja ndi wosakhulupirira. Kwa amene akusankha, vesi 39 likuti akwatiwe ndi amene afuna, koma mwa Ambuye. Mnyamata wolowa kalasi sabata yomwe wafunsira musamunyoze, koma muoneni ngati amabwera tsiku limene mtsikanayo kulibe. Za kudambwe nazo zifunsidwe poyera. Kuno amuna ambiri anadutsako ali anyamata, ndipo kumuweruza munthu ndi zimene anamuchititsa ali ndi zaka 12 si chilungamo. Funso ndi la lero: akupitabe, ndipo ana ake aamuna adzafuna apite? Mpingo uliwonse uli ndi malamulo ake pa nkhaniyi, mtsikana akawamve kwa atsogoleri ake asanalonjeze.

Mwale, Moatize

Makolo anga mwanena zakuya. Ndiwonjezere za boma, chifukwa kumpingo timazidumpha.

Zaka poyamba. Lamulo nambala 19/2019 limaletsa ukwati, kulowana ngakhale chitomero ndi munthu wosakwana zaka 18. Wamkulu wokwatira mwana akhoza kumangidwa mpaka zaka 12, ndipo makolo, ankhoswe, mfumu kapena mtsogoleri wa mpingo wothandizira nayenso ali ndi mlandu. Mtsikana wa m'kwaya akakhala wa zaka 16 kapena 17 palibe zoyesa maloto, nkhani yatha. Aliyense angaimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana. Zaka muzione pa kalata ya kubadwa, osati pa msinkhu.

Lamulo la mabanja, nambala 22/2019, limavomereza ukwati wa ku Registo (ofesi ya boma yolembetsa maukwati ndi kubadwa kwa ana), wa kutchalitchi ndi wa chikhalidwe, koma wa munthu mmodzi ndi mmodzi. Wa kutchalitchi ndi wa chikhalidwe uyenera kulembetsedwa ku Registo Civil kuti ukhale ndi mphamvu zonse pamaso pa boma. Ambiri amathera pa madyerero, nkudzazindikira mwamuna atamwalira, pofuna ndalama za penshoni kapena nyumba, kuti alibe pepala. Mufunse abusa kapena wansembe ukwati usanachitike kuti ndani akapereke mapepala ku Registo ndipo liti. Konzani BI ndi kalata ya kubadwa ya aliyense. Mnyamata akakhala wa ku Malawi kapena ku Zambia, monga zimachitikira ku Zóbuè, ku Tsangano ndi ku Chifunde, adzafunika kalata ya boma la kwawo yotsimikiza kuti ndi womasuka kukwatira. Wozemba kalata imeneyo mumufunse chifukwa.

Chenjezo pa BI. Kuseri kwake kumalembedwa ngati munthu ndi wokwatira, ndipo anyamata ena amaitulutsa, chala chili pa mawu akuti solteiro, ndiko kuti wosakwatira, nkumati onani nokha. Mawuwo amangotanthauza kuti ku Registo kulibe ukwati wake. Mwamuna wa ana 4 amene anangochita chinkhoswe, BI yake imanenabe solteiro. N'chifukwa chake ulendo wa kumudzi umene anena mayi Nabanda sungalowedwe m'malo ndi pepala. Dziwaninso kuti amene akhala limodzi ngati banja kupitirira zaka 3, lamulo limawawerengera pa nkhani ya katundu, ndiye nyumba imene mnyamata akulonjeza ikhoza kukhala ndi mwini wina. Ana ake onse, a mayi aliyense, ali ndi ufulu wa chithandizo kuchokera pa malipiro ake. Mtsikana adziwe kuti ndalama ya pamwezi idzagawidwa pangati.

Pa katundu wa m'banja, awiri akapanda kusankha dongosolo lina, zimene aliyense anali nazo kale ndi zimene walandira ngati cholowa zimakhala zake, zimene apeza ali m'banja ndi za onse. Za nkhanza, lamulo nambala 29/2009 limati kumenya mkazi ndi mlandu wa boma, ndipo limakhudzanso chibwenzi. Ku polisi kuli ofesi yolandira nkhani za mabanja ndi ana. Ankhoswe ndi akulu a mpingo ali ndi malo awo, koma munthu wovulazidwa apite kuchipatala ndi kupolisi poyamba.

Nangozo, Ulónguè

Zikomo kwambiri makolo anga, izi tikaziphunzitsa. Koma ambiri amabwera mochedwa. Mtsikana analumbira kale atagwira Baibulo kuti sadzakwatiwa ndi wina, ndalama anadya, zina analipirira sukulu, ndipo mwina anagona naye. Kenaka wamva kuti kuli mkazi, kapena wamenyedwa. Akuopa temberero la lumbirolo. A Phiri, mwanena kuti Yoswa anasunga pangano ngakhale ananamizidwa. Kodi nayenso asunge?

Phiri, mkulu wa mpingo, Dómuè

Funso lakuthwa, a Nangozo, ndipo lisayankhidwe mopepuka, chifukwa lumbiro si masewera. Mlaliki 5:4-5 ndi Miyambo 20:25 zikunenetsa kuti kulonjeza mofulumira ndi msampha, ndipo Ambuye pa Mateyu 5:34-37 anatiuza kuti tisalumbire konse, inde akhale inde. Ndiye mtsikanayo analakwa polumbira, ndipo mnyamata womugwiritsa Baibulo analakwa koposa.

Koma taonani chimene lumbiro la Yoswa linkasunga: miyoyo ya anthu. Kuliphwanya kukanakhala kupha. Ikani pambali pake Marko 6:26, pamene Herode anasunga lumbiro lake chifukwa cha manyazi pamaso pa alendo, mutu wa Yohane nudulidwa. Palibe amene amamuyamikira. Ikaninso 1 Samueli 25: Davide analumbira kupha amuna onse a m'nyumba ya Nabala, Abigayeli anamubweza, ndipo Davide anatamanda Mulungu chifukwa chomuletsa. Lumbiro limene kulisunga kukufuna tchimo lina silisungidwa. Kukwatiwa ndi mwamuna wa mwini ndi tchimo lina. Levitiko 5:4-5 ikuonetsa njira ya wolumbira mosaganiza: akazindikira, aulule. Choncho apite kwa abusa kapena wansembe wake, aulule kulumbirako ndi kugonako, alandire uphungu ndi mwambo wa mpingo wake, ndipo 1 Yohane 1:9 ndi yake. Temberero palibe.

Chitomero si ukwati. Yosefe, poganiza kuti Mariya wamulakwira, anafuna kumuleka mwakachetechete, ndipo Mateyu 1:19 akumutchula wolungama. Kugonana nako sikusandutsa anthu banja, ndipo kukankhira mtsikana kwa mwamuna womumenya pofuna kubisa manyazi a mpingo ndi kuwonjezera bala pa bala. Ndisiyanitse chimodzi: amene akufuna kuthetsa chitomero chifukwa waona wina wa njinga yamoto yatsopano, pamene mnzake sanalakwe, ameneyo alangizidwe mwamphamvu, pakuti Salimo 15:4 likuyamika wosunga mawu ake ngakhale zikumupweteka.

Nabanda, mlangizi, Furancungo

Kathetsedwe kake, mwana wanga. Asathetse yekha, pafoni kapena pokumana awiri kumalo obisika, makamaka ngati mwamunayo anamenyapo kale, chifukwa nthawi yosiyana ndi imene wankhanza amaopsa kwambiri. Nkhani idzere kumene inalowera: amalume a mtsikana aitane nkhoswe wa kuchimuna, pakhale mkulu wa mpingo, ndipo ngati mnyamatayo ndi waukali, akumane pabwalo la mfumu, masana.

Abwere ndi kope lija. Chikole, foni ndi zonse zimene zilipo zibwezedwe pamaso pa mboni. Ndalama zodyedwa aziwerengere pamodzi, agwirizane chiwerengero chimodzi, alembe mapepala awiri osainidwa ndi mbali zonse, ndipo aike nthawi yobweza imene banja lingakwanitse, monga magawo awiri kapena atatu akakolola. Ngakhale wolakwa ndi mnyamata, kubweza n'kwabwino, chifukwa kumadula chingwe chimene angamadzakokere. Ndalamazo zizidzera kwa amalume, mtsikana asatumize yekha. Lamulo la boma silikakamiza munthu kukwatiwa chifukwa analonjeza, ndiye woopseza kuti ndikakumangitsa akungoopseza. Mauthenga oopseza asungidwe, akapitiriza apite nawo kupolisi.

Masabata oyamba asayende yekha popita kumunda, kumjigo kapena kukwaya, ndipo amayi a chigwirizano amuyendere m'malo momunong'ona. Akayezetse magazi tsopano, abwerezenso pakatha miyezi 3. Ngati pali mimba ayambe sikelo msanga, mwana akabadwa akalembetsedwe ku Registo ndi dzina la bambo ake, ndipo ankhoswe agwirizane tsiku lomwelo kuti chithandizo cha mwana chizikhala chochuluka bwanji pamwezi ndipo chizidzera m'manja mwa yani.